Makina Owerenga Zinayi, Mapazi Owerenga Zitatu

Nyimbo yovina ku Chisemphere imayesedwa pa perekaniperekani. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama za mabelo zikayamba kulowa m'matumba, maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa M1 kumpoto kwa boma la Kasungu. Pabwalo amaimikapo masipika awiri akuluakulu, jenereta amaibisa kuseri kwa nyumba kuti isasokose, mnyamata wa zoimbira n'kukhala pa tebulo ndi laputopu kapena foni. Wolengeza akaitana akuchimuna, nyimboyo iyenera kuwadzutsa pa mipando, kuwafikitsa pa lichero, ndi kuwasunga pomwepo mpaka ndalama zosinthitsa zitatha m'manja. Ikakhala yozizira, amayi amaponya kamodzi n'kubwerera kokhala. Wopanga nyimbo angadzitame bwanji pa wailesi, chigamulo chimachokera pabwalo lafumbi ngati limeneli.

Mwa nyimbo zimene zimaseweredwa pamenepo, n'zochepa kwambiri zimene munthu anagunda ng'oma yachikopa mu situdiyo. Ng'omazo ndi za makina, besi ndi ya makina, malipenga omveka pakati pa ndime nawonso atuluka m'mabatani. Choncho nyimbo zovina zopangidwa ndi magetsi si nkhani ya ku Berlin kapena Detroit yokha. Zilipo kale kwathu, kungoti makina athu tinawadziwira ku tchalitchi.

Kiyibodi ya Yamaha PSR imene kwaya imanyamula pa njinga ndi mbale wake wa zida zimene akunja amazitcha synthesizer ndi sampler. Synthesizer imapanga mawu kuchokera ku mafunde a magetsi, ndipo woimba amawaumba ndi timakonokono mpaka amveke mmene akufunira. Sampler siipanga mawu akeake: imajambula kamphindi ka phokoso lililonse, kulira kwa ng'oma, kuwomba m'manja, nthungululu, n'kukupatsa kuti ukaliimbe pa mabatani. Mkati mwa kiyibodi ya kwaya muli mawu ojambulidwa chimodzimodzi, koma anajambulidwa kale ku fakitale, ndipo pa makiyibodi otchipa sungathe kuikamo ako. Kusiyana kwake n'kumeneko, ndipo si kwakung'ono.

Kuyambira zaka za m'ma 1990, pamene Paul Banda ankajambula oimba ambiri mu situdiyo yake ya IY ku Balaka ndipo makaseti ankagulitsidwa kwa O.G. Issa, khutu la Mmalawi linazolowera kiyibodi ndi ng'oma za makina. Sindili m'gulu la amene amanyoza nyengo imeneyo. Mnyamata wopanda ndalama zolipira bandi yonse anapeza njira yotulutsira chimbale, ndipo nyimbo za Chichewa zinadzaza m'mabasi ndi m'magolosale. Koma ulesi wina unalowera pomwepo. Kiyibodi ili ndi batani la kaimbidwe kokonzeratu: ukadina pa reggae kapena pa disco, ng'oma ndi besi zimayamba zokha, iwe n'kumangosintha makodi ndi dzanja lamanzere. Nyimbo mazanamazana zinatuluka ndi msana umodzi womwewo, wopangidwa ndi katswiri wa ku Japan amene chimtali sanachionepo.

Lero achinyamata ambiri asamukira pa kompyuta, makamaka pa FL Studio ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium. Ena mwa iwo, akaona pa YouTube anzawo akugunda mabatani a Akai MPC kapena Roland SP-404, amayamba kukhulupirira kuti chinsinsi chili m'kabokosiko. Ine ndikuti ayi. Kabokosi kali ndi ubwino wake weniweni, ndiufotokoza, koma nako kanabadwa ndi chilema chomwecho chimene kiyibodi ndi kompyuta zili nacho: kamawerenga zinayizinayi.

Taonani Roland TR-808, makina a ng'oma amene anatuluka mu 1980, ndi mng'ono wake TR-909 wa 1983. Kutsogolo kwake kuli mzere wa mabatani 16. Kanyali kamayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo pa batani lililonse limene wayatsa ng'oma imalira. Mabatani 16 amenewo ndi kugunda kunayi, kulikonse kogawidwa panayi. Ukayatsa loyamba, lachisanu, la 9 ndi la 13, wapeza kale mtima wa nyimbo za house zimene anyamata a ku Chicago anayambitsa, ndiponso techno ya ku Detroit. Mzere womwewo uli pa Korg Volca, ndipo ukatsegula FL Studio umakulandira pakhomo. Munthu woyamba kumene amauona ngati chilengedwe cha nyimbo, pomwe ndi chisankho chabe cha amene anapanga makinawo.

Magule athu ambiri sayenda choncho. Imvani m'manja mwa amayi pa chimtali, kapena ng'oma zothandizira pa gule wamkulu, kapenanso vimbuza kwa anansi athu a Chitumbuka, chimene kumpoto kwa Kasungu chimamveka tsiku ndi tsiku. Phazi limaponda kanayi, inde, koma pakati pa kuponda kulikonse pali timagawo titatu, onse pamodzi 12. Ubwino wa 12 ndi wakuti amagawika pawiri, patatu, panayi ndi pasanu n'kamodzi. Ng'oma ina ikhoza kuyenda ziwiriziwiri, ina zitatuzitatu, zonse nthawi imodzi, ndipo chiuno chimatsata ina pamene mapazi akutsata inzake. Kukokana kumeneko ndiko kumadzutsa munthu pa mpando. Pa 16 sungakupeze, chifukwa 16 sagawika patatu. Wopanga nyimbo akakakamiza kawombedwe ka m'manja ka chimtali kuti kalowe m'mabatani 16, kena kamafulumira pang'ono, kena kamachedwa, ndipo chotuluka chimafanana ndi chimtali pa nkhope pokha. Amayi pabwalo sanganene kuti cholakwika ndi batani liti, koma amamva kuti nyimboyo ikutsimphina.

Mganda ndiye umalowa mosavutikira m'makinawa, poti unachokera ku perete wa asilikali, ndipo phazi lake lili ndi kuguba mkati. Mwina n'chifukwa chake opanga nyimbo amauthamangira akafuna kuti amveke achikhalidwe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti makinawo ali ndi khomo lotulukira, koma ambiri salitsegula. TR-808 yomweyo ili ndi kosinthira kolola kuti kugunda kulikonse kugawidwe patatu, ndipo mzere ukhoza kuduliridwa pa 12. Pa Volca ungathe kuzimitsa mabatani anayi kuti kanyali kazingoyenda pa 12 otsalawo. Pa MPC pali posankha kuti makina aziwongola zimene wagunda motsata magawo atatu. Ndi ntchito ya kamphindi, koma iyenera kuchitika poyambirira, ng'oma yoyamba isanaikidwe. Ukamanga nyimbo yonse pa zinayi, n'kudzathira mawu a gule pamwamba pomaliza, wachedwa kale.

Pano ndiyenera kukangana ndi anzanga okonda swing. Roger Linn, amene anapanga MPC60 pamodzi ndi kampani ya Akai mu 1988, anaikamo njira yochedwetsera kagawo kachiwiri pa awiri aliwonse, kuti ng'oma zisamveke zouma. Pa 50 peresenti timagawo tonse n'tofanana. Ukakweza kufika pa 66, kachiwiri kamagwera pamene pakanagwera kachitatu mwa atatu, ndipo biti imayamba kugwedera mokoma. Hip hop ndi house zinadya bwino pa chinthu chimenechi. Tsono ena amaganiza kuti swing ya 66 ndiyo 12 wathu uja. Si iyeyo. Pa atatu aliwonse swing imakupatsa koyamba ndi komaliza, kapakati palibe. Ndipo m'ng'oma zathu kapakati kameneko ndi pamene ng'oma yaing'ono imalowera kuyankha yaikulu. Ukakachotsa, watsala ndi munthu wolankhula yekha.

Nanga ubwino wa kabokosi uli pati? Uli m'zala. MPC ili ndi mabatani 16 alabala, anayi m'litali anayi m'lifupi, ndipo amamva mphamvu ya kagundidwe. Ukagunda mopepuka mawu amatsika, ukagunda mwamphamvu amakwera. Ungathenso kuzimitsiratu kuwongola kuja, makina n'kusunga chala chako pamene chagwera. J Dilla wa ku Detroit anatchuka ndi zimenezi pa MPC3000 yake, imene lero ili m'nyumba yosungiramo mbiri ya anthu akuda ku Washington. Mnyamata amene anakulira pafupi ndi bwalo la gule ali nazo kale m'manja zimene ena amaziphunzira movutikira. Pa kompyuta, ndi kambewa m'dzanja, amajambula ng'oma ndi maso, kuika timabokosi pa mzere. Pa mabatani amaziimba. Kwa ine chifukwa chachikulu chogulira chida chotere n'chimenechi, ndipo mabatani otchipa olumikiza ku laputopu amachita ntchito yomweyo.

Chifukwa chachiwiri ndi magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 pa 100 aliwonse m'Malawi ndi amene ankaunikira magetsi a nthambo, ndipo kumidzi n'kochepa koposa. SP-404, imene Roland anatulutsa mu 2005, imayenda ndi mabatire ang'onoang'ono asanu ndi limodzi, chimodzimodzi Volca za 2013. PO-33 ya Teenage Engineering, yokwana m'thumba la malaya, imadya awiri okha ndipo ili ndi maikolofoni yakeyake. Zida zimenezi zikhoza kupita kumene kuli ng'oma, m'malo moti ng'oma ipite ku tauni. Vuto ndi mtengo. M'sitolo za pa Chisemphere simungazipeze, zimabwera ndi achibale ochokera ku Joni kapena kutali, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogulidwa ndi dola chimaluma. Mwana wa tenanti sangayambire pamenepo. Ayambira pa foni, ndipo zonse ndikunenazi zimagwira ntchito ngakhale pa foniyo.

Tiyeni tiyandikire pa kujambula ng'oma, poti apa ndi pamene luso limaonekera. Ng'oma yachikopa siikhala ndi liwu limodzi tsiku lonse. Oimba amaiwamba pa moto wa udzu kuti chikopa chikungike, ndipo ikachoka pamotopo imayamba kutsika pang'onopang'ono, makamaka madzulo a mwezi wa Juni chisanu chikagwa pa zidikha za Kasungu. Wojambula amene watenga kugunda kumodzi ng'oma itangowambidwa, kwina patapita nthawi, adzapeza kuti mawu ake sakugwirizana. Ndiye jambula zonse motsatizana ikadali yotentha. Usatengenso kugunda kumodzi kokha. Dzanja likagwa pakati pa chikopa liwu limakhala lakuya, m'mphepete limakhala lakuthwa, likagwa n'kukhalira pomwepo limatsamwa. Kugunda kumodzi kobwerezedwa nthawi zonse kumatopetsa khutu msanga, chifukwa palibe dzanja la munthu limene limagunda kawiri mofanana ndendende. Tenga kangapo pa mtundu uliwonse, uike pa mabatani oyandikana, uzisinthanitsa.

Kenako pamabwera kudula. Sampler imakuonetsa, kapena kukumvetsa, poyambira ndi pothera pa mawu. Ukasiya kampata kutsogolo, ng'oma izichedwa nthawi zonse ngakhale chala chako chili pa nthawi. Ukadula mopyola, wachotsa kuphulika koyamba kwa chikhatho pa chikopa, ndipo chotsala ndi mdidi wopanda mano. Kumchira nakonso: ng'oma yopakidwa phula pakati imalira motalika, liwu lake likutsetsereka, ndipo ukafupikitsa mchirawo wapha chimene chimaisiyanitsa ndi ng'oma ya m'fakitale. Ntchito imeneyi ili ngati kusankha fodya m'chigafa, tsamba ndi tsamba m'manja, ili la ndindi iyi, ilo la ndindi ina, ndipo wothamanga amadziwika pa mtengo wa belo. E-mu SP-1200 ya 1987 inkasunga mawu a masekondi 10 okha onse pamodzi, ndipo anyamata a ku New York anapanga nayo zimbale zimene mpaka pano zikumveka. Kuchepa kwa malo kunkawakakamiza kusankha. Lero foni ikhoza kusunga maola ambiri, ndipo wopanga nyimbo amakopa mafoda a ng'oma zikwizikwi kwa mnzake osamvetsera n'imodzi yomwe mpaka kumapeto.

Pali ng'oma imodzi imene sindingalole kuti makina aziibwereza okha: mbalule. Pa gule wamkulu, mpanje ndi zinzake zimagwira njira, koma wa mbalule amayang'ana mapazi a chilombo. Chikatembenuka iye watembenuka nacho, chikaima mwadzidzidzi iye wadula. Ndi kucheza kwa awiri. Ukajambula kachigawo kake n'kukazunguliza kosalekeza, watenga yankho la funso limene palibe akufunsanso. Wopanga nyimbo wanzeru amasiya makina agwire ng'oma zothandizira, iye n'kuimba mbali yotsogolera ndi zala kuyambira poyamba mpaka pothera, ikusintha pamene woimba wapuma, pamene kolasi yalowa, pamene akuganiza kuti ovina atembenuka.

Za synthesizer ndinena za besi, chifukwa ndi imene imagwetsa ambiri. Mu situdiyo, ndi zomvera za m'makutu, besi yakuya yosalala imakoma. Koma nyimbo ikachoka pamenepo imadutsa kwa anyamata obena nyimbo pa memore khadi, imalowa pa WhatsApp, imakatulukira pa foni kapena pa kasipika ka sola pa khonde la golosale. Kasipika kotere sikangatulutse mafunde otsika kwambiri, ndipo besi yosalala ija imangosowa. Imene imapulumuka ndi besi yokhala ndi timawu tapamwamba, yokhakhala pang'ono, kuti ngakhale tsinde lake litasowa khutu limve nthambi n'kudzaza lokha chotsalacho. Log drum ya amapiano, imene yalowa m'nyimbo zambiri za ku Lilongwe ndi Blantyre, imapambana pa chifukwa chimenechi. Inachokera pa kachida ka mu FL Studio kotchedwa DX10, kogwiritsa njira ya FM, yomwe John Chowning anatulukira ku Stanford ndipo Yamaha anaitchukitsa ndi DX7 mu 1983. Liwu lake limagunda ngati ng'oma, limaimba ngati besi, ndipo limamveka pa foni.

Sindikudana ndi log drum. Chimene chimandigwetsa ulesi ndi kumva yomweyomweyo, yosasinthidwa n'pang'ono pomwe, m'nyimbo khumi zotsatizana. Pomwe ife tili ndi babatoni, besi ya chingwe chimodzi imene Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi a Madalitso Band azungulira nayo m'maiko akunja. Ili ndi zonse zimene kasipika kamafuna: kugunda, kukhakhala, ndi liwu lotsetsereka pamene botolo likuyenda pa waya. Tilinso ndi malipenga a mganda, zipanda zotsekedwa ndi kansalu ka kangaude kapena kapulasitiki, zimene zimanjenjemeretsa liwu la munthu woimbiramo. Aliyense amene anaseweretsapo sefa ya synthesizer, kutsegula ndi kutseka timawu tapamwamba, akamva gulu la malipenga amenewa amazindikira kuti mawu otere angaumbidwe pa makina, n'kukhala otsogolera nyimbo m'malo mwa malipenga a m'kiyibodi amene tawamva zaka 30.

Kuti zimenezi n'zotheka, umboni uli kwa anansi. Richard Mthetwa, wodziwika kuti Nozinja, wochokera ku Limpopo, anali ndi malo okonzera mafoni asanatsegule situdiyo ku Soweto. Anatenga nyimbo za Chitsonga, anachotsa magitala, anaikamo marimba a m'kiyibodi, n'kuthamangitsa liwiro kufika pa kugunda 180 pa mphindi, pomwe house imayenda cha m'ma 120. Anatero chifukwa ankayang'ana ovina a kwawo ndi masiketi awo a xibelani, ndipo ankadziwa liwiro limene chiuno chimafuna. Mawu ake anali otchipa, ena angati a zidole. Komabe mu 2010 kampani ya Honest Jon's ya ku London inatulutsa chimbale cha nyimbo zimenezi, ndipo mu 2015 Nozinja anatulutsa chake ku Warp. Ku Dar es Salaam anyamata a singeli anachita zofanana ndi malaputopu akale, liwiro lopyola 200. Onsewa akunja anawatsatira chifukwa anayamba akhutitsa bwalo la kwawo.

Kwathu kuno njira yayenda mobwerera kangapo: mawu ndi athu, makina ali m'manja mwa ena. Esau Mwamwaya anakumana ndi anyamata a Radioclit ku London, ndipo gulu lawo la The Very Best linatulutsa Warm Heart of Africa mu 2009, Chichewa chikumveka pamwamba pa ma synthesizer. Mu 2016 ntchito ya Beating Heart inapereka kwa opanga nyimbo, ambiri a kunja, zimene Hugh Tracey anajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, zosungidwa ku International Library of African Music ku South Africa. Muli zokoma m'ntchito zimenezi, ndipo sindikuzichepetsa. Koma khutu langa limamva kawirikawiri agogo athu akuimba zitatu pamwamba pa ng'oma yoyenda zinayi, mawu awo atadulidwa kuti akwane m'nyumba ya eni makina. Faith Mussa, amene amaimba yekha ndi gitala, zoimbira zakwathu ndi kachida kopondera kobwereza mawu, amaonetsa mbali inayo: pamene wozunguliza mawu ndi yemweyo amene anakulira m'kayendedwe kake, msana wa nyimbo sutheka kupindika.

Sampler imabweretsanso mlandu umene kiyibodi inalibe. Kujambula ng'oma za gule si kutola nkhuni m'tchire. Gule wamkulu ali ndi eni ake, ali ndi za pabwalo zimene aliyense amaona ndi za kudambwe zimene si za aliyense, ndipo kuzindikiridwa kwake ndi UNESCO mu 2005 sikunamusandutse katundu wa wina aliyense wokhala ndi maikolofoni. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016, limene COSOMA imayang'anira, limatetezanso zaluso za makolo. Koma lamulo lisanafike, pali ulemu wamba. Wojambula apite kwa mfumu, anene chimene akufuna, afunse kuti izi n'zololedwa kapena ayi. Woimba ng'oma amene dzanja lake lidzamveka m'nyimbo yonse alipidwe, ndipo dzina lake lilembedwe. Kuitana woimba ng'oma masana, pambali, kuti agunde mtundu uliwonse payekhapayekha, kumapereka mawu oyera kuposa kubisa foni m'thumba pa mwambo, ndipo palibe amene adzakuitanire ku bwalo la milandu.

Chotsala ndi kamangidwe ka nyimbo yonse. Opanga nyimbo ambiri amatengera za m'makalabu akunja: poyambira patali, kukwera pang'onopang'ono, kenako ng'oma zonse zimazima kwa kanthawi kuti zidzagwe mwamphamvu. Pa perekaniperekani kuzima kumeneko n'tsoka. Anthu ali pa mzere, ndalama zili m'manja, ng'oma yasowa, ndipo amaima n'kuyang'ana kwa wa zoimbira ngati jenereta yathima. Nyimbo ya pamenepa imafuna kuyamba ndi phazi pa sekondi yoyamba, kusunga ng'oma yapansi osaisiya, ndi kusintha zapamwamba zokha: m'manja mulowe, mutuluke, malipenga ayankhe, besi ipume kugunda kuwiri n'kubwerera. Apa kabokosi ka mabatani kakhoza kuchita chimene nyimbo yojambuliratu singathe. Munthu ataima nako pambali pa wolengeza angatalikitse gawo pamene akuchikazi achuluka, angatsitse zonse n'kusiya m'manja mokha pamene mawu akulengezedwa, angaponye nthungululu pamene apongozi alowa m'bwalo, ndipo gulu lina likaitanidwa angasinthe liwiro osadula ng'oma.